Jacinta Pabere, Mervis Pamzere

Mervis anafika kutchalitchi thukuta lili kamukamu, mapazi atadetsedwa ndi matope a m'minda ya mpunga. Kunthambi yawo ya ku Domasi bambo mfumu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo chisiyireni sukulu chifukwa cha mimba ya Jacinta, iye anali asanalandirenso Ukaristia. Tsopano ukwati wake ndi Brighton unali utadalitsidwa, kulapa analapa m'mawa womwewo. Chotsala kunali kuima pamzere basi.

Koma Jacinta kumbuyoko analibe nazo ntchito. Pa ulaliki anayamba kudzipotokola, pofika pa chopereka n'kuti akukanda msana wa mayi ake. Mervis anamugwedeza, anam'patsa korona kuti aziseweretsa, mwana n'kuiponya pansi. Mawere nawo anali atalemera, bulauzi yayamba kunyowa.

Pakhomo panaima a Nickson, osungitsa bata, ndi kandodo kawo. Lamulo lawo linkadziwika: mwana akalira, mayi ake apite naye pansi pa mtengo wa mango. Kumeneko Misa imamveka ngati wailesi ya kwa aneba, ndipo mmene mwana azikhuta, bambo mfumu amakhala atavindikira kale chikho cha Ukaristia.

Kwaya itangoyamba Mwanawankhosa wa Mulungu, Jacinta anatsegula kukhosi. A Nickson anacheuka. Apongozi ake a Mervis, a Agatha, anamunong'oneza kuti atuluke, Ambuye sathawa, adzalandira ulendo wina. Ulendo wina uti? Mvula inali itangoyamba, ndipo msewu wa kuno ukaterera galimoto ya abambo imathera pa Songani.

Mervis anamasula chitenje, nakokera mwana kutsogolo, n'kumuika pabere. Kulira kunadukira pomwepo. Anadzuka, nalowa pamzere.

"Mayi, kuguwa ndi mwana pabere?" anatero a Nickson chapansipansi, atam'peza.

"Kodi Yesu anakula ndi mkaka wa m'chitini, a Nickson?"

Mayi wina kutsogolo anatsamwa ndi kuseka. A Nickson anayang'ana kandodo kawo, nabwerera kukhomo.

Mzere ukuyenda, m'pamene Mervis anakumbukira za manja. Akatekisiti anawaphunzitsa mobwerezabwereza kuti polandira, lamanzere likhale pamwamba pa lamanja. Tsono lamanzere linali litafungata Jacinta, lamanja likugwira bere kuti lisatseke mphuno ya mwana. Anayesa kuchotsa lamanja. Bere linapulumuka, Jacinta anakoka mpweya wokonzekera kulira, iye n'kubwezera msanga. A Agatha kumbuyo anati awapatsire mwanayo, koma kumuzula pabere asanakhute kukanadzutsa tchalitchi chonse. Anthu kutsogolo ankachepa. Anaganiza zopatuka, kungowerama n'kubwerera kukakhala. Miyendo yokha inapitirira.

Anapezeka ali maso ndi maso ndi bambo mfumu, nkhalamba ya imvi, magalasi ali pamphuno. Anamuyang'ana iye, nayang'ananso kaphazi ka Jacinta kakupalasa m'mwamba.

"Manja adzaza, abambo," ananong'ona Mervis.

"Ndawaona. Adzaza bwino. Yasamulani, mwana wanga." Anakweza Ukaristia. "Thupi la Khristu."

"Amen."

Anamuikira palilime. Mervis anatembenuka pang'onopang'ono kuopa kugwedeza mwana. Pabenchi kugwada kunakanika, ndiye anangokhala, nayamba Atate Athu mumtima. Asanafike pakati, Jacinta analavula bere, nayamba kufufuza linalo. Mervis anamutembenuza.