Kadona Wakhala Nambala Naini

Ine ntchito yanga ndi yosoka, ndipo chovala chosokedwa mwachinyengo ndimachizindikira chikadali patali. Koma zoti mwana wanga yemwe wafika sitandade 4 osadziwa kuwerenga, ndinazidziwa mochedwa ngati chitsiru. Timamutcha Kadona chifukwa cha ukhondo wake.

Tsiku limene ndinazidziwalo, kasitomala wina anasiya nsalu ndi kapepala kofotokoza mmene akufunira diresi lake. Ine ndinali ndi mapini kukamwa, manja ali pa makina, ndiye ndinangomukodola mwanayo kuti andiwerengere. Anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti zolembazo n'zokhotakhota. Ndinalavula mapini, n'kutenga choko changa cholembera nsalu, n'kulemba pathebulo zilembo zikuluzikulu: KOLALA.

"Tawerenga apa, iwe."

"Izi sitinaphunzire, amayi."

Ndinamuuza atulutse buku lake la kusukulu. Apo ndiye anachangamuka. Anatsegula tsamba n'kuyamba kuyimba, kuyimba ndithu, mutu ukugwedera, mpaka pansi osaphonya. Nditaloza liwu limodzi pakati pa tsambalo, anabwerera pamwamba kukayambanso nyimbo ija kuti adzafikepo. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinamukalipira ngati kuti wolakwa anali iye.

Chimene chinatipusitsa ndi makope. Kadona amalemba mokongola, mizere yowongoka, tsamba lililonse lili ndi chongi chofiira. Bambo ake, omwe amayendetsa lole, akabwera ku ulendo ankangovundukula kope n'kunena kuti m'nyumba muno mukukula dokotala. Osadziwa kuti mwana amangojambula zilembo za pa bolodi, monga ine ndimadulira nsalu potsata pepala.

Lamlungu nditaitula nkhaniyi, pabalaza panabuka mkangano. Alamu anga, alongo awo a bambowo, analipo.

"Sukulu zabomazi zinatha kalekale," anatero alamu. "Mumuchotse mwanayu, achimwene, apite kupulaiveti."

"Kupulaiveti amangogulitsa mataye ndi masokosi oyera," anayankha bambowo. "Ine ndinaphunzira yaboma yomweyi. Zikwangwani za mumsewu amandiwerengera ndani?"

"Nthawi yanuyo munalimo angati m'kalasi?"

Anakokanakokana mpaka tiyi kuzizira. Alamu akudziwa bwino lomwe kuti makina anga ndi lole ya eni ake sizingamufikitse mwana kupulaiveti, koma kulankhula n'kwaulere. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaitana Kadona kuti amumve yekha. Ine ndinatsimikiza mumtima kuti ndikapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti mwanayu abwereze kalasi, asapite kutsogolo ali wakhungu.

Ndinapita kusukuluko sabata yotsekera, nditakonzekera ndewu. Koma nditasuzumira m'kalasimo, mphamvu zinandithera. Ana anali atakhala pansi, mwendo pa mwendo, kuyambira kukhoma lakumbuyo mpaka pansi pa bolodi penipeni. Aphunzitsi, mayi wowonda wa mawu osasa, ankayenda chammbali motsamira khoma kuopa kuponda zala za ana. Anatuluka akupukuta choko m'manja.

"Mwana wanu ndi uti, mayi?"

Chaka chathunthu, ndipo akundifunsa kuti ndi uti! Ndinamuloza.

"Oho, wolemba bwino uja." Nditawafotokozera, sanatsutse n'komwe. "Mayi, ndili nawo ana 130. Nditati ndimve aliyense akuwerenga mphindi imodzi yokha, maola awiri atha, enawo akumenyana. Ndiye amawerengera pamodzi. Makope ndimachonga poona ngati tsamba ladzaza. Sindikubisirani."

Ndinkafuna munthu wondiyankha mwamwano kuti ndimulalatire bwino, koma uyu ankaoneka wotopa kuposa ine. Ananditumiza kwa ahedi.

Ahedi ndinawapeza mu ofesi yodzaza mipando yothyoka, akudinda malipoti. Anafufuza dzina pa mndandanda ndi chala, n'kumwetulira.

"Abwereze? Mayi, mwana wanu wakhoza. Wakhala nambala naini."

"Wakhoza bwanji munthu wosawerenga, ahedi?"

"Mafunso amayamba awabwereza ndi aphunzitsi awo sabata yonse. Wogwira mutu amakhoza."

"Ndiye kuti waloweza. Ine ndikupempha abwerere, ayambirenso bwinobwino."

"Ndimukhazika pati? M'kalasi imeneyo mukubwera ana 150 ochokera sitandade 3. Pawindo?" Anadinda lipoti lina. "Makolo anzanu amabwera kudzalira kuti ana awo akwere kalasi, inu mukulirira kuti atsike. Muzithokoza, mayi. Kumbuyo kwa mwana wanu kuli anzake oposa zana."

Iwo ankati akunditonthoza. Ine ndinangoganiza za ana oposa zanawo, ndi amayi awo amene akusirira machongi ofiira kunyumba. Ndinatuluka osatsazika. Panjira ndinkalankhula ndekha ngati wamisala, ndipo nditafika kushopu ndinasoka mkono wa malaya chagada, n'kuusomolanso.

Lachisanu masana Kadona analowa akuthamanga, lipoti lili m'mwamba, chikwama chikugunda kumsana. Manambala amawadziwa, ndiye naini uja anali atamuona kale.

"Amayi! Amayi! Ndapita sitandade 5!"

Analiyala pa makina, pamwamba pa diresi la kasitomala. Kenako anaika chala pansi pa pepalalo, pamene aphunzitsi analemba ndi cholembera chofiira.

"Nanga apa alemba kuti chiyani?"

Ndinayang'ana mawuwo, ndinayang'ana mwana. Ndinalakalaka kunama, koma ndinamuwerengera momwe analembedwera.

"Alemba kuti, 'Amawerenga bwino kwambiri. Apitirize.'"

Kadona anadumpha, nkhope yonse ikuwala.

"Mwamva, amayi? Ndiye musamandivutitsenso ndi choko chanu chija."