Apongozi pa Denga

Denga la nyumba yosanjikizana ya ku Musgrave, mumzinda wa Durban, linali mwana woyamba wa Stuart. Chiso, amene mkazi wake Sharon anabereka pambuyo pake, anali wachiwiri.

Stuart anali injiniya wa za madzi, ndipo ndiye anakopa anthu okhala m'nyumbamo kuti padenga pabzalidwe zomera. Pa misonkhano ankafotokoza kuti mvula ikagwa pa konkire imathamanga yonse nthawi imodzi, ngalande za mumzinda zimasefukira, ndipo madzi ochokera kumtunda kuno amakalowa m'nyumba za anthu a kumunsi. Koma padenga pakakhala dothi ndi zomera, madzi amayamba aima kaye, n'kumatsika pang'onopang'ono. Anthu anali asanaiwale chigumula cha 2022, choncho anavomera. Amisiri anayala chipepala chakuda chosalowa madzi, pamwamba pake timiyala, kenako dothi losapitirira chikhatho kuya kwake, n'kubzalamo tizomera tonenepa masamba tosadyedwa ndi munthu ngakhale mbuzi. Komiti ya nyumbayo inamupatsa Stuart udindo woyang'anira dengalo, ndipo iye anayamba kuyenda ngati mvula ya Durban yonse imayamba yamufunsa kaye isanagwe.

Panali chinthu china chimene ankachisamala kuposa denga: kwawo. M'nyumbamo palibe anamumvapo akulankhula Chichewa. Akafunsidwa kumene amachokera ankaloza kumpoto ndi chibwano, n'kusintha nkhani. Mantha ake sanali achabe, poti anaonapo zimene zimawachitikira alendo mumzindawu. Kungoti manthawo anali atanenepa n'kusanduka matama. A Kenson, bambo wa ku Ntcheu wosamalira maluwa a pabwalo, akamulonjera kuti, “Mwadzuka bwanji, achimwene?” iye ankayankha m'Chizulu kuti, “Yebo, baba,” maso ali pa makiyi a galimoto.

Chiso atabadwa, amayi ake a Sharon, a Esnat, anafika pa basi kuchokera ku Mponela kudzathandiza kulera. Apa Stuart anaonetsa kuti analeredwa. Powalonjera apongozi ake ankanjuta chapatali, osawayang'ana kumaso. Sankadya nawo pamodzi. Mawu aliwonse opitirira moni ankadzera mwa Sharon. Mwambo wonse umene ankaukana panja ankausunga m'nyumba ngati mbale za alendo.

Tsiku lina Sharon anakwera nawo amayi ake padenga kuti akapitidwe mphepo. A Esnat anayang'ana uku ndi uku, manja ali m'chiuno.

“Munda wa ndani umenewu?”

“Ndi wa bambo a Chiso.”

“Amadya zimenezi?”

“Ayi, amayi. N'zogwira madzi a mvula.”

“Zogwira madzi,” anatero a Esnat. Anathyola tsamba limodzi, n'kulinunkhiza, n'kulitaya. “Sukulu yonse ija.”

Chisoni chinawagwira. Mwana wa eni, ntchito yamuchulukira mpaka munda wadzala tchire. Pamfundo ya chitenje chawo anali atamanga nthanga za maungu ndi timbewu ta chimanga, poti munthu sapita kutali chimanjamanja. Khasu anakabwereka kwa a Kenson.

Loweruka Stuart atakwera kukaona mwana wake woyamba uja, anagwira m'mutu. Mbali ya kum'mawa tizomera take tinali titazulidwa n'kuunjikidwa pakona kuti tiume bwino. M'malo mwake munali mizere, yowongoka, yokongola, yoti mlangizi wa zaulimi akanaijambula chithunzi. Anatsika masitepe akupuma ngati wathamangitsidwa. Pabalaza anapeza apongozi akugwedeza mwana. Ananjuta.

“Mwaswera bwanji, amayi?”

“Taswera, bambo. Kaya inu?”

Anadutsa chowerama mpaka kuchipinda, n'kutseka chitseko.

“Sharon, uwauze amayi asiye! Pansi pa dothi lija pali chipepala. Khasu likangoboola, tathera pomwepo.”

“Bwanji osawauza wekha? Si awo ali apo?”

“Ine? Apongozi? Ukufuna ku Mponela akamve kuti ndinawaimika amayi ngati mwana wa sukulu?”

Sharon anapita. Koma mwana wamkazi sanganyamule mawu otentha n'kukawatula pamiyendo pa mayi ake osawaziziritsa kaye panjira.

“Amayi, bambo a Chiso akuti musamadzitopetse ndi khasu.”

“Mwana waulemu ameneyu. Uwauze kuti sinditopa ine.”

Sabata yotsatira mizere inafika pakati pa denga. Stuart anatumanso uthenga, woopsa kuposa woyamba, wotchula makhoti ndi inshuwalansi. Unafika kwa a Esnat utavala jekete.

“Akuti dothi lake ndi lochepa, amayi.”

“Ndaona kale. N'chifukwa chake ndikukokera pamodzi.”

Ndipo ankakokeradi. Ankapala mpaka khasu limveke kuti khwee pa chinthu chakuda cha pansi chija, n'kumadabwa kuti azungu amayala mphasa pansi pa munda.

Stuart anagula loko n'kutseka chitseko cha padenga, kiyi wina n'kupereka ku komiti, imene makiyi ake ankasunga ndi a Kenson. Mawa lake anapeza chili pululu, a Kenson akutsika ndi ndowa.

“Achimwene,” anatero a Kenson m'Chichewa chomveka mpaka pa geti, “munthu wamkulu ngati uja akandipempha kiyi wa komiti, ine ndikane? Inuyo mungakane?”

Pa masitepe pankadutsa mzungu wa pa nambala seveni ndi kagalu kake. Stuart anakweza mapewa, n'kunena m'Chingerezi kuti sakumva zimene bamboyo akunena.

Mvula itayamba, denga linasangalala kuposa kale lonse. Maungu anayanga mpaka kulendewera kukhoma, chimanga chinafika m'mawondo, ndipo apusi a m'mitengo ya m'dera lawolo la Berea anayamba kubwera kudzayendera ntchito. Stuart anasiya kukwerako. Ankangopemphera kuti nthawi ya apongozi yobwerera ifike anthu a komiti asanaganize zokwera masitepe.

Masana ena kunagwa chimvula chija chimene amachitchula pa misonkhano. Kutacha, Mayi Farhana, wapampando wa komiti, amene ankakhala m'chipinda cha pamwamba penipeni, anapeza siling'i yawo itatupa ngati mimba, madzi akudontha pa sofa. Anaitana bambo Gomez, membala mnzawo wa komiti, n'kugogoda kwa Stuart.

“Tiyeni tikaone denga lanu, a injiniya.”

Anakwera atatu. Pakati pa mizere, pamene madzi anali atadikha, chipepala chakuda chinkaoneka chitang'ambika malo angapo, kukula kwake ndendende ngati mlomo wa khasu. Chapatali pang'ono a Esnat anali atawerama, akutchola nkhwani n'kumaponya m'beseni.

Bambo Gomez anavula magalasi, n'kuwavalanso. “Chimanga? Padenga? Nanga mayi awo ndi ndani?”

Stuart anayang'ana mizere ija. Anaona udindo wake, dzina lake, zaka zonse zoloza kumpoto ndi chibwano, zitaima m'mphepete mwa denga. Pakamwa panayankha pasanafunse mutu.

“Ndi gadena chabe,” anatero m'Chingerezi. “Waganyu. Sindikudziwa n'komwe amene anamulowetsa muno.”

A Esnat Chingerezi sankachidziwa, koma mawu akuti gadena safuna womasulira kwa Mmalawi amene abale ake theka ali ku Joni. Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

Mayi Farhana anamuyang'ana Stuart nthawi yaitali.

“Gadena? Stuart, awa si agogo ake a Chiso? Amandibweretsera masamba a maungu Lachisanu lililonse. Anandiphunzitsa kusenda kwake, ndi manja okhaokha, poti sitimvana chilankhulo. Ndimaganiza kuti ali ndi kadimba kuseri kwa magalaja.”

“Ndiye kuti… inu mukudziwa kuti…”

“Kuti ndinu a ku Malawi? Eish, Stuart. Nyumba yonse ikudziwa. Mkazi wanu amayanika zitenje pakhonde, Kenson amakutchulani m'bale wake. Timangoti mwina simukonda kucheza.”

Bambo Gomez anali atagwada, akulowetsa chala m'chibowo china. Ananena kuti zimenezi amisiri amata, si nkhani yaikulu, ngakhale dothi lonse liyenera kuchotsedwa kaye. Mayi Farhana anavomera, maso akadali pa Stuart.

“Denga likonzedwa, zomera zibzalidwanso. Koma tipeza wina woliyang'anira. Munthu amene sakudziwa yemwe wakhala akulima padenga pake miyezi yonseyi, kaya sakudziwa apongozi ake omwe, sindingamusungitse kiyi.”

Apo a Esnat anayandikira, khasu kudzanja ili, beseni kudzanja linalo. Anagwada m'matope momwemo patsogolo pa mkamwini wawo, anthu akuona. Anaika khasu pamapazi pake, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse wa ku Mponela. Kenako, koyamba chibwerereni, anamuyang'ana m'maso.

“Bwana,” anatero, “ganyu watha. Chida chanu icho.”

Ananyamula beseni lawo n'kutsika. Stuart anatsala ataima ndi khasu, osadziwa ngati alitole kapena alilumphe.

Madzulo Sharon anabwera kuchipinda ndi uthenga. Ulendo uno sanauziziritse, sanauveke jekete. Anautula mmene anaulandirira.

“Amayi akuti ndiwafunse abwana ngati wantchito amaloledwa kunyamula mwana wawo, kapena asambe kaye m'manja.”

“Sharon, uwauze kuti ine…”

“Ayi. Positi ofesi yatsekedwa. Ali pabalaza apo, Chichewa umachidziwa.”

Sanapite. Anakhala pa bedi kukonza mawu opepesa, koma aliwonse amene ankawapeza ankafuna munthu wowanyamula. Chakudya anadya yekha kukhitchini. Ndiwo zake zinali nkhwani wotendera, ndipo chomupweteka kwambiri n'chakuti ankakoma.

M'mawa akupita kuntchito anakumana ndi a Kenson pa geti, akukoka paipi yothirira.

“Mwadzuka bwanji, achimwene?” anatero a Kenson monga mwa masiku onse.

Stuart anaima. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kukumbuka kuti palibenso choti abise. Kenako anayankha m'Chichewa.

“Ndadzuka bwino, bambo. Kaya inu?”

A Kenson anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, n'kutsegula mpopi.

“Yebo, baba,” anatero, maso ali pa maluwa.