Dzina Loyenda M'kamwa Monse

Abambo Ezekiel Mhango anaphunzitsa aphunzitsi zaka makumi atatu, ndipo nyimbo yawo inali imodzimodzi: mmene mawu amapangidwira m'kamwa. Ngakhale kunyumba ku Area 25 sankapuma nazo. Mkazi wawo Lettie ankachita kutopa. Munthu uli kalikiliki kusenda mbatata, iwo ali pambali kukuuza kuti p, b ndi m ndi ana a milomo, t ndi d amabadwira kuseri kwa mano, k ndi g kwawo nkukhosi. Aa, abambo amenewa!

Chimene ankanyadira koposa chinali dzina loitanira mkazi wawo. Mwa mwambo wa kwawo ku Rumphi sankatchula Lettie ayi, ankati Anyagondwe, dzina la mfunda wake. Ankaseka kuti anakwatira dzina loyenda m'kamwa monse: ny kumwamba, g kukhosi, nd kuseri kwa mano, we pamilomo. Pobwera kuntchito ankaliitana adakali pageti.

Sitiroko itawagwira chaka chatha, lilime linauma gwa. Kuchipatala anamuuza Lettie kuti aziwaphunzitsa pagalasi tsiku ndi tsiku, ayambe ndi mawu a milomo, enawo azibwera pambuyo. Iye sankafuna zambiri. Zoti amuna ake adzatsogoleranso nyimbo kutchalitchi anazitaya kalekale. Ankangofuna kumvanso dzina lija, kamodzi kokha.

Anatulutsa m'sutikesi chithunzi chawo chakale chophunzitsira, cha mutu wa munthu woonetsa lilime ndi mmero. Zomwe ankadana nazo zija, lero ndiye mphunzitsi wake. Mawu oti ma anabwera. Oti ba anabwera movutikira. Basi, zinathera pomwepo. Patatha miyezi isanu ndi itatu dokotala anamuuza mosabisa kuti lilimelo silidzabwereranso. Zinamupweteka, koma sanawauze.

Mmawa mwake anaikabe galasi patebulo. Abambo Mhango analikankha. Ndi dzanja lawo lomwe sitiroko sinaliphe anagwira chala cha Lettie nkuchiyendetsa pachithunzi: kumwamba, kukhosi, kuseri kwa mano. Njira ankaidziwa bwinobwino. Anatsegula kamwa, mitsempha ya m'khosi inatupa, dovu linatsikira pamalaya.

"We," anatero.

Lettie anadikira. Abambowo anayesanso, misozi ili mbwee, koma chinatuluka nchomwecho, kamchira ka dzina.

"Ndili pano, abambo," anayankha Lettie monga ankachitira akamva kuitana pageti.

Anawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kenako anapinda chithunzi chija nkukachibwezera m'sutikesi.