Kampira Kachisanu ndi Nkhanga ya Mma Sanatu

Napari anawerenganso timipira tachitsulo tija ndi chala chonona oyilo. Tinayi. Ananyamula mbale n'kuyang'ana pansi pake, anakutumula chitenje, anafufuza m'mapatapata. Tinayi basi. Pomwe ankatichotsa m'mawa tinali tisanu.

Galimoto inali pamajeke pakati pa bwalo. Kwa milungu ingapo inkachita mwano. Ukaika giya yobwerera m'mbuyo inkayamba yaganiza kaye, kenako n'kudumpha ngati yaponda moto. Popita kutsogolo inkangolira, liwiro osaoneka. Amakaniko a mumzinda wa Tamale anangoti giyabokosi yatha, agule ina. Napari anakana. Anaonera pafoni anthu akumasula magiyabokosi osintha okha magiya ngati yakeyi, kubwerezabwereza mpaka kuloweza, ndipo anaona kuti vuto lili m'chitsulo chomwe amati valavu bodi, chimbale cha tinjira tokhotakhota ngati ta chiswe, momwe oyilo amadutsa posintha magiya. Anachimasula yekha. Bawuti aliyense anamubaya pakatoni mofanana ndi pomwe wachoka. Tinjira anatitsuka ndi petulo, matope akuda n'kutuluka. Kavalavu kamodzi komwe kanagwira anakapukuta mpaka kanayamba kutsetsereka kokha. Chinatsala n'kubwezera timipira tachitsulo, tochepa ngati njere za nandolo, kalikonse pakabowo kake, n'kutseka.

Ndipo tsikuli linali Lachisanu. Mwamuna wake Wumbei, yemwe ankagwira ntchito m'minda ya koko kummwera, anali atalamula pafoni kuti galimoto ikapanda kuyenda pofika Lachisanu, mkulu wake Ziblim adzaikoke akatuluka mumzikiti. Napari ankamudziwa mlamu wakeyo. Chigayo cha Wumbei chinapitanso chomwecho, ati akachikonzetse. Mpaka lero chikugaya pakhomo pa Ziblim. Galimoto iyi ndiyo inkanyamula azimayi a zilazi ndi mtedza kupita kumsika, ndiyo inkadyetsa nyumbayi. Ikatuluka pachipata ili pachingwe, ndiye kuti yapita.

Anatenga maginito okhala m'chivundikiro cha pansi pa giyabokosi, n'kugwada, kuwayendetsa pafumbi khonde lonse. Anatola msomali, kachitsekero ka botolo, ndi singano yomwe inasowa chaka chatha. Kumbuyo kwake khanda lake Suhuyini linayamba kunyinyirika.

"Wataya chiyani iwe, ukukwawa ngati buluzi?"

Anali apongozi ake, Mma Sanatu, omwe ankasenda mtedza pansi pa mtengo wa nimu.

"Kampira kamodzi, Mma. Ndinangolowa kukasintha mwana thewera. Chitsulocho ndinachifunditsa nsalu kuopa fumbi, koma timipira ndinatisiya m'mbale."

"Mbale iti?"

Napari anaikweza. Inali yachitsulo, yosupuka m'mphepete.

"Ha! Mbale ya nkhanga zanga? Imeneyo ikangoti ngwe pansi, zimabwera ngakhale zili kuseri kwa mzikiti. Ndinazionadi zitaunjikana pamenepo, ine nkumati lero mpongozi wanga wazikumbukira."

Napari anayang'ana mbale ija. Mbale zonse za m'nyumba muno, n'kutola imeneyi!

Sanataye nthawi ndi kudzitukwana. Kuseri kwa khitchini kunali njinga yakutha. Anamasula tayala lake, n'kutengamo kampira kamodzi, kukaika pakabowo kaja. Kanamira mpaka pansi. Kochepa. Anachita kukakola ndi maginito kuti katuluke. Koteroko oyilo angamadutse m'mbali, giya osagwira. Ali mkati moganiza za masitolo a zitsulo, mawu oitanira anthu kuswala anamveka kumzikiti. Masitolo onse atseka. Ndipotu ndani angakugulitse kampira kamodzi?

"Mma, ziitaneni."

Gogoyo anagogoda mbale ija, nkhanga n'kubwera chothamanga, n'kuzitsogolera m'khola. Napari analowa chowerama, mwana ali kumbuyo, n'kumagwira imodziimodzi. Iliyonse ankaipana m'khwapa, n'kuika maginito pachithokomiro, chala china chikumvera. Yoyamba inamukanda pamkono. Yachiwiri inamuipitsira pachitenje. M'zithokomiro munkangomveka mapira okhaokha. Itatsala imodzi, yonenepa, yoyera pachifuwa, Napari anaima kaye.

Aliyense pakhomopo ankaidziwa. Mma Sanatu anaipatula tsiku lomwe Wumbei ananyamuka, n'kunena kuti idzazingidwa tsiku lomwe mwana wawo adzalowenso pachipata. Ankaidyetsa m'manja. Nthawi zina ankayankhula nayo.

Anaigwira. Atangoyandikiza maginito, kanthu kolimba kanasuntha pansi pa khungu, n'kumatsatira kulikonse komwe dzanja lapita.

"Ndi imeneyi, Mma."

Mma Sanatu anakhala pakampando kawo, n'kuyang'ana mbalameyo.

"Chomwe chalowa chimatuluka. Tiimange mwendo, tidikire."

"Kakafika m'nthutumba, timiyala tikakukuta. Katuluka kokalikakalika, kopanda ntchito. Komanso alamu sadikira."

Maso a Napari anagwera pampeni womwe unali pamtondo. Apongozi ake anaona.

"Usayerekeze. Pakhomo pano mkazi sanazingepo. Ukaidula iwe, palibe adye."

"Ine sindikufuna nyama, Mma."

"Ndiye nkhanga ya mwana wanga iponyedwe kwa agalu?"

Napari analuma mlomo. Amuna onse a m'dera lino anali mumzikiti, ndi ana omwe. Mwamuna woyamba kulowa pachipata ichi adzakhala Ziblim. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mpeni, anayang'ana gogoyo. Akanatha kuchita mwachangu gogoyo asanadzuke n'komwe. Koma mawa akanadzuka m'nyumba yomweyi, kudya ndi mayi omwewa. Anamanga nkhanga miyendo ndi kansanza, n'kuigoneka pamthunzi pafupi ndi mapazi a apongozi ake.

Sipanapite nthawi, kalole kanaima panja. Ziblim analowa atavala mkanjo woyera, dalaivala wa kaloleko akutsatira ndi chingwe paphewa. Ananjuta pamaso pa mayi ake, n'kupereka moni wonse, wa thupi, wa nyumba, wa kuzizira kwa m'mawa. Napari anabweretsa madzi chogwada. Atamwa, Ziblim anapita pakhonde, n'kuvundukula nsalu ija.

"Aa, alamu! Mwaipha, mwaisenda, matumbo mwayanika. Tidya liti?"

Dalaivala anaseka.

"Yatsala pang'ono, alamu."

"Pang'ono wa masiku angati? Wumbei anati Lachisanu. Kapena kwanu Lachisanu limabwera Loweruka?" Anatembenukira dalaivala. "Tenga thumba, uthiremo zonsezi. Amakaniko akasankha okha."

Dalaivala anawerama kuti anyamule katoni ya mabawuti. Napari anaima pakati. Chitsulo chija chinali chotsegula, tisipuling'i ndi timavalavu tili pamtunda. Kungochiponya m'thumba, palibe akanachibwezeretsa, ngakhale iye mwini.

"Musakhudze."

"Mukuyankha ine kapena dalaivala?" Ziblim sankasekanso.

"Ziblim."

Mma Sanatu sanakweze mawu. Anali atanyamula nkhanga ija pamiyendo, akuisisita pachifuwa.

"Mlendo wabwera nayeyu achoke pakhomo panga ndi madzi okha m'mimba? Anthu amve kuti Sanatu anasauka chotero? Tenga mpeni."

Ziblim anayang'ana mbalameyo, n'kuyang'ana mayi ake.

"Imeneyi si ya Wumbei?"

"Wumbei akudya za kummwera. Iwe sindinakubale?"

Napari anaona nkhope ya mlamu wake ikusintha. Kuyambira pomwe anakwatiwa pakhomo pano, anali asanaonepo Ziblim akupatsidwa chinthu chomwe chinasungidwira mng'ono wake. Bamboyo anapinda manja a mkanjo, analandira nkhanga mosamala, anayang'ana kum'mawa, natchula dzina la Mulungu. Mma Sanatu anayang'ana kumbali.

Kuseri kwa khitchini Napari sanadikire madzi otentha. Anang'amba chithokomiro n'kukhuthulira m'chikho. Mapira onyowa, timiyala, mwendo wa chiwala. Anasanthula ndi chala. Palibe. Kodi kampira katsikira kale m'nthutumba? Anaviika maginito m'phalalo, n'kumva kuti kwe! Kanatuluka kali mbee, konyezimira. Anakatsuka ndi petulo, n'kukagubuduza pagalasi la foni. Kanayenda mosalala, osadumpha.

"Bwera nayo kuno," anatero Mma Sanatu, atatenga kale beseni. "Mwananso undipatse. Nkhanga yakale sifewa msanga, ndipo nkhuni zangazi ndi zaziwisi."

Nkhunizo zinali zouma gwa.

Napari anabwerera pakhonde. Mphepo ya chilimwe inali itayamba kuulutsa fumbi, ndipo kamchenga kamodzi kokha n'kokwana kugwiritsanso valavu. Anadzifunditsa chitenje pamodzi ndi chitsulocho, ngati munthu wofukiza mankhwala a chimfine. Mumdima wofiirawo anaika timipira tonse tisanu m'malo mwake, gasiketi yotchinga oyilo pamwamba, chivundikiro, n'kuyamba kumanga mabawuti kuchokera pakati kupita m'mphepete, pang'onopang'ono, osakakamiza.

Atavundukuka anapeza Ziblim ataima pomwepo. Anali kuyang'ana maginito omwe anali atamatirira nthenga ndi mapira.

"Mma!" anaitana. "Mwandizingitsa nkhanga chifukwa cha chitsulo?"

"Wazinga ndiwe, udya ndiwe," mawu anachokera m'khitchini. "Nthutumba ndi yako. Ukufunanso chiyani?"

Dalaivala anabisa kukamwa ndi dzanja. Ziblim anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Alamu, mverani. Sindinyoza chakudya cha mayi anga. Koma ndikangosamba m'manja nditatha kudya, chingwe chikulowa."

Napari analowa pansi pa galimoto chagada, chitsulo chili pachifuwa. Chinali cholemera kuposa mwana. Anachikankha m'mwamba ndi manja onse, oyilo akumudonthera m'tsitsi, koma chinakana kukhala. Kandodo kochokera ku giya kanayenera kulowa m'kamphako ka valavu, ndipo iye sankatha kuona. Mikono inatopa. Anatsitsa, anapuma, anayesanso. Kukhitchini Suhuyini analira, mabere a Napari n'kuyankha okha, bulauzi n'kunyowa. Fungo la anyezi ndi tsabola linafika pansi pomwepo. Anasuntha chitsulo pang'ono ndi chigongono, n'kumva chakhazikika. Anachigwiriza ndi bondo, dzanja likufufuza bawuti woyamba pakatoni.

Pomwe ankamanga chivundikiro cha pansi, anamva mbale zikuikidwa pamkeka. Pomwe ankathira oyilo wofiira ndi fanulo, dalaivala anali atamaliza kale mpunga wake, akutokosa m'mano ndi kuyang'ana dzuwa.

"Bwana, ine ndili ndi katundu wina ondidikira."

"Nyama yakale safulumira nayo," anatero Ziblim. "Ingakutsamwe."

Napari anasuzumira. M'mbale ya mlamu wake munatsala mafupa okhaokha, koma iye ankawatola limodzilimodzi, kuswa, kuyamwa, osayang'ana kugalimoto. Chidebe chomaliza cha oyilo chitatsala theka, Ziblim anakoka beseni la madzi.

Napari analowa m'galimoto, n'kuliza injini. Anaponda buleki, n'kuyendetsa ndodo ya giya m'malo onse kuti oyilo afike paliponse. Kenako anaika yobwerera m'mbuyo, n'kuchotsa phazi.

Zii. Matayala anali lende m'mwamba, osagwedezeka.

Madzi anamveka akukhuthukira m'beseni. Dalaivala anatola chingwe.

Napari anabweza giya, anatsika injini ikulira, anasolola kandodo koyezera oyilo. Kunsonga kokha ndi komwe kunanyowa. Tinjira tonse tija anatitsuka n'kuuma, ndiye tamwa oyilo. Anathira theka lija lonse, wina n'kutayikira pambali. Ziblim anali akupukuta zala, chimodzichimodzi. Dalaivala anagwada kutsogolo kwa galimoto, kufunafuna pomanga.

"Chokani pamenepo, bambo!"

Anaikanso giya. Pansi pa mpando panamveka kugunda kofewa, ngati munthu wogogoda pakhomo la mnzake. Matayala akutsogolo anayamba kuzungulira chobwerera m'mbuyo. Anaika yakutsogolo. Anazungulira, injini inakwera mawu, n'kutsika yokha giya itasintha, n'kukweranso, n'kutsikanso, popanda kudumpha.

Dalaivala anaponya chingwe pansi, n'kuthandiza kuchotsa majeke osauzidwa. Napari anatuluka pachipata chobwerera m'mbuyo, anazungulira mzikiti, anakwera mtunda wa kumpopi komwe inkakanira masiku onse, n'kubwerera. Anazimitsa injini.

Ziblim anazungulira galimoto, anawerama kuona ngati ikudontha, n'kuwongoka.

"Mutu wanuwo, alamu, mukautsuke. Anthu angayese takuthirani msuzi." Anakunga chingwe n'kupatsa dalaivala. "Nanga Wumbei ndimuuze chiyani, Mma?"

"Umuuze kuti nkhanga yake inali yonona."

Kalole katachoka, Napari analandira mwana n'kukhala pakhonde kumuyamwitsa, manja akununkhabe petulo. Mma Sanatu ankasesa nthenga. Zamawangamawanga anazikankhira kudzala, koma zoyera anazitola, n'kuzimanga pansonga ya mpango wawo.

"Mma," anatero Napari.

"Dyetsa mwana. Mawa ukatula azimayi ako kumsika, undifunire mazira a nkhanga. Ufunse mwini wake ngati make ndi woyera pachifuwa." Anawerama, natola mbale yosupuka ija, n'kuipukuta ndi chitenje. "Ndipo iyi ndikukaisunga kuchipinda kwanga."