Adadi Akamapukuta Mfuti

Kufikira mu Julayi sindinauze munthu aliyense chifukwa chenicheni chimene ndinakanira malo a ku yunivesite ku College Park. Aphunzitsi ndinawauza kuti ndikufuna ndipume kaye. Kutchalitchi ndinati ndikupempherabe. Anzanga ndinangosiya kuwayankha pa foni. Koma zoona zake n'zakuti ku College Park ndikanamagona komweko, ndipo ine ndikachoka, m'nyumba mwathu ku Springfield mutsala amami, adadi, ndi mfuti ya adadi.

Ndikalemba chonchi zikuoneka ngati adadi ndi chigawenga. Ayi ndithu. Adadi, a Newton, ndi mlonda pa nyumba ina ya maofesi ku Fairfax. Amaimba besi mu kwaya ya Amalawi okhala kunja kuno. Ndi amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo tsiku limene ndinakanda chitseko pa mzati anangoseka n'kunena kuti mzatiwo ndi umene unalibe ulemu. Sindinawaonepo akumenya amami. Vuto langa lagona pamenepo. Palibe chimene ndingaloze ndi chala.

Mfutiyo inabwera mu Epulo, m'bokosi lakuda la pulasitiki ngati la zida za makaniko. Adadi analiika pa thebulo lodyera n'kutiitana.

"Tiffany! Mayi a Tiffany! Tabwerani mudzaone."

Amami anatuluka atavala kale yunifolomu yawo yabuluu. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo basi yawo sidikira munthu.

"Nanga ya kuntchito ija sikukwana?" anafunsa motero, akufunafuna makiyi m'chikwama.

"Ya kuntchito ija ndi njinga ya kabaza," anayankha adadi. "Iyi ndi galimoto ya nduna. Tamvani izi."

Anakoka chitsulo cha pamwamba pake n'kuchisiya. Chinabwerera chokha, khwa, mawu ake osalala ngati kutseka kwa chitseko cha galimoto yatsopano. Anandionetsa kuti munalibe chipolopolo, kenaka anandipatsa kuti ndiigwire. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, yozizira, chogwirira chake chokhakhala ngati lilime la mphaka. Pamwamba panali kagalasi, ukasuzumiramo n'kuona kadontho kofiira kakuyandama. Ndisaname, inali yokongola. Ndinaigwira kanthawi ndithu ndisanaibweze.

Loweruka lotsatira adadi ananditenga kumalo ophunzirira kuwombera, nyumba yopanda mawindo kuseri kwa masitolo a matayala. Anatipatsa magalasi ndi zotchinga m'makutu. Ngakhale ndinatchinga, kulira kwa mfuti za anthu ena ndinkakumva m'mano. Ponseponse panali fungo la wonga. Adadi anapachika chipepala chojambulidwa munthu wopanda nkhope, anadina batani, chipepalacho chinathamangira kutali.

Anayamba ndi iwo. Makoko a zipolopolo ankadumphira kumanja n'kumagubuduka pansi. Atachibweretsa chipepala chija, mabowo onse anali atathithikana pamalo amodzi, oti ndikanawaphimba ndi chikhatho changa. Mzungu wina wachikulire amene anali pambali pathu anabwera kudzaona. Anapukusa mutu, anafunsa kumene anaigula, ndipo adadi anayamba kumufotokozera m'Chingerezi chawo cha pa Khirisimasi, chija amalankhula akasangalala. Ndinali ndisanawaone akumwetulira choncho kuyambira pamene tinabwera kuno.

"Tsopano iwe," anatero.

"Ine ayi, adadi."

"Mantha a chiyani? Mwana wa Newton? Ima apa. Miyendo itanyule pang'ono. Ukaona kadontho kofiira pachifuwa pake, uike chala, uyambe kukoka pang'onopang'ono."

Kadontho kaja kanavinavina, kenaka kanakhazikika. Ndinaika chala pa kachitsulo kowombera. Mumtima ndinali ndikufunsabe kuti kodi ndiwombe, kapena ndiwabwezere adadi ndinene kuti ndikufuna kuchimbudzi.

Inalira.

Ndinali ndisanasankhe. Chala changa chinangokhudza, monga mmene umakhudzira foni kuti iyake. Ndinkayembekezera kuti indikankha kapena kundipweteka dzanja, koma inangodumpha pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Kadontho kofiira kanali kali pachifuwa pomwe paja, pambali pa bowo latsopano. Ndipo inali itadziikira kale chipolopolo china, ikungodikira ine.

Adadi anandimenya paphewa, akuseka. Anakweza chotchinga khutu langa n'kukuwa, "Waona? Imeneyi sifunsa kawiri! Ukangoiganizira, yamaliza!"

Pobwerera anandigulira ayisikilimu. Ankaimba nyimbo ya kwaya akumenya chiwongolero ndi zala. Ine ndinamwetulira njira yonse mpaka masaya anandipweteka.

Kupukuta kunayamba mawa lake.

Kuntchito kwa amami kuli bambo wina wa ku Malawi, a Lewis, amene amawatengako pa galimoto basi ikachedwa. Adadi zimenezo sizinawasangalatsepo. Kale akafuna kukamba za a Lewis ankalowa kuchipinda, kutseka chitseko, n'kukuwa. Amami nawo ankabweza mawu. Ine ndinkangoika nyimbo m'makutu, ndikudziwa kuti zitha ndipo wina atuluka kudzatereka madzi a tiyi.

Tsopano kukuwa kunatha. Adadi amayala malaya akale pa thebulo lodyera, amatsegula bokosi lija, amaimasula mfutiyo zidutswazidutswa n'kuzindandalika bwinobwino, pambali kabotolo ka mafuta ndi kaburashi. Akatero amaitana ndi mawu ofewa.

"Mayi a Tiffany, tabwerani mukhale pansi ticheze."

Amami amakhala, manja pamiyendo.

"Dzulo munabwera ndi ndani?"

Amafunsa maso ali pa chitsulo, akupukuta. Amachiyang'anitsa ku windo, amachiuzira, amapukutanso. Salozetsa munthu, kukamwa kwa mfutiyo kumayang'ana ku furiji nthawi zonse. Zipolopolo zimakhala kuchipinda, ndikuganiza choncho. Koma ine ndinaigwirapo mfuti ija, ndipo ndikudziwa kuti ukamaiona pa thebulo sungadziwe ngati ili ndi kanthu kapena ayi. Amami, amene amatha kukangana ndi dalaivala wa basi mpaka anthu kuwombera m'manja, amangoti eya, ayi, pepani. Pomaliza adadi amailumikiza, amakoka chitsulo cha pamwamba chija, khwa, n'kunena kuti, "Chabwino. Ndamva."

Ndinazindikira kuti ndikabwera n'kukhala pa thebulo pomwepo ndi kompyuta yanga, ngati ndikulemba za kusukulu, macheza aja amatha msanga. Adadi amayamba kundifunsa za mayeso. Ndiye ndinaloweza mashifiti a onse awiri. Nthawi iliyonse imene amakumana m'nyumba, ine ndimakhalapo. Ndinasiya kwaya ya achinyamata. Ndinasiya ganyu yanga ya Loweruka. Itafika nthawi yovomera malo ku College Park, ndinangoyang'ana tsiku lomaliza likudutsa.

Kamodzi ndinayesa kulankhula ndi amami. Tinali m'chipinda chochapira, pansi pa nyumba yathu ya mafuleti, makina akulira. Ndinayamba m'Chingerezi, poti zinthu zovuta zimatuluka bwino m'Chingerezi, sizikhala ngati ukunena za anthu akwanu. Sindinamalize.

"Za akuluakulu uzisiye," anandidula. "Mfuti imafuna kupukuta. Kodi sudziwa?"

Anapinda thaulo, analitambasula, analipindanso.

"Ndipo usadzayerekeze kukanena kwa azungu ako akusukuluwo. Kuno ukangotsegula pakamwa, apolisi ali pakhomo, bambo ako ntchito yatha. Ukufuna zimenezo?"

Sindinkafuna zimenezo. Mpaka pano sindifuna.

Mu Julayi amami anakagona masiku angapo kwa anti a Justina, mnzawo wa kutchalitchi. Kwa ine anati ndi mashifiti. Adadi sanakuwe. Anangoimbira ankhoswe.

Ankhoswe enieni a ukwati wawo ali kumudzi, wina ku Ntcheu, wina ku Zomba, ndipo pa foni mawu amadukaduka. Ndiye kuno anasankha owaimirira. Mbali ya amami ndi anti a Justina omwewo, namwino wamkulu amene anthu amamuopa ngakhale m'mapemphero. Mbali ya adadi ndi ankolo a Foster, oyendetsa thiraki, amene anakulira ku Lusaka ndipo amalankhula Chinyanja cha kumeneko. Anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi.

Mwana sakhala pa nkhani za ankhoswe. Ananditumiza kukhitchini kukakonza tiyi. Koma khitchini yathu ilibe chitseko, pali kakhoma kofika m'chiuno basi, ndiye ndinamva zonse.

Amami anati adadi amawakayikira. Anati amawafunsa mafunso ambiri.

"Mulamu," anatero ankolo a Foster, "mwamuna akaleka kufunsa, ninshi waleka kukonda. Ise akazi athu amadandaula kuti sitifunsa!"

Anaseka okha.

"A Foster, dikirani," anatero anti a Justina. "Rosina, tandiyang'ana. Anakumenyapo?"

"Ayi."

"Kukutukwana?"

"Ayi."

"Chakudya m'nyumba muno chimasowa? Amagona kunja?"

"Ayi."

"Nanga chakuthawitsa n'chiyani, mchemwali wanga? Masiku onse aja uli kwanga ndakufunsa, sukunena. Ife tithandiza bwanji?"

Ndinagwira ketulo osaitsitsa. Ndinkawaona amami chakumbali. Anayang'ana pa thebulo, pamalo pomwe adadi amayala malaya akale aja. Ndinapemphera mumtima kuti nenani, amami, nenani, anthu ndi awa.

"Mwina ndi kutopa chabe," anatero amami.

Anagwirizana kuti za galimoto ya a Lewis zithe, basi ikachedwa amami aziimbira adadi. Adadi anapepesa bwino kwambiri, atagwira pamtima. Anti a Justina anapemphera pemphero lalitali, ndipo onse anati ameni. Ndinabweretsa tiyi ndi masikono.

"Manje nkhani yasila," anatero ankolo a Foster, akutambasula miyendo. "A Newton, tatulutsani chija munanitumizira pa foni. Nifuna nichione na maso."

Adadi anadzuka msangamsanga. Bokosi lakuda linabwera, anasuntha makapu n'kulitsegula pakati pa shuga ndi masikono. Ankolo a Foster anaimba mluzu.

"Iyeee! Iyi ni mfuti kapena ni wotchi ya golide? Mwati siyuma pokoka?"

"Kukhudza basi," anatero adadi. "Funsani Tiffany. Anawomba pachifuwa penipeni, tsiku loyamba."

Amami anali ataima ndi tipoti, akuthirira ankolo a Foster. Tiyi anaphonya kapu n'kuyenderera pa thebulo. Anati pepani, pepani, n'kuyamba kupukuta ndi mpango wawo wa kutchalitchi. Palibe anaona. Amuna awiriwo anali ataweramira kagalasi kaja, akufunafuna kadontho kofiira.

Ndinabwerera kukhitchini, ndinatsegula mpopi, ndinayamba kutsuka mapoto oyera kale.

Anti a Justina anandipeza kumeneko atanyamula mbale. Anaziika mu sinki n'kuima pafupi kwambiri, moti ndinamva fungo la mafuta awo odzola.

"Iwe Tiffany. Ndamva zoti sukulu wakana."

Ndinangoyang'ana thovu.

"Mayi ako akusambitsa nkhalamba za eni ake kuti iwe uzikhala pa sofa? Ana a anzathu akulira malo amenewo. Iwe akupatsa, ukuti ndikupempherabe. Ukupempherera chiyani, mngelo abwere adzakunyamulire sutikesi?"

"Ayi, anti."

"Pali kamnyamata eti?"

"Ayi."

"Usandinamize, ine ndine namwino. Uli ndi mimba?"

"Ayi, anti!"

"Nanga n'chiyani? Mayi ako, kutopa. Iwe, kupemphera. M'nyumba muno anthu simulankhula?"

Kuseri kwa kakhoma kaja kunamveka khwa, kenaka kuseka kwa ankolo a Foster. Mbale inanditerereka n'kugwera m'madzi. Anti a Justina anayang'ana manja anga. Anayang'ana kubalaza, anayang'ananso ine. Anatambasula dzanja kuti atseke mpopi.

"Musatseke," ndinatero. "Angamve."

Anausiya madzi akutuluka. Anandigwira chibwano ndi zala zonyowa n'kunditembenuza nkhope.

Ndinkadziwa kuti ndikanena, sizibwereranso m'kamwa. Mwina aseka n'kunena kuti mfuti imafuna kupukuta. Mwina apita pabalaza pompano kukafunsa adadi pamaso pa onse, kenaka akwera galimoto yawo kupita kwawo, ife n'kutsala atatu. Mwina apolisi. Sindinkadziwa chimene chinali choopsa kuposa chinzake. Ndinatsegula pakamwa, mawu anatuluka ngati mpweya chabe.

"Sindikumva," anatero anti, koma tsopano motsitsa. "Nena bwinobwino, mwana wanga."

"Adadi amaitulutsa akafuna kulankhula ndi amami," ndinatero. "Amaiika pa thebulo paja n'kuwaitana kuti akhale pansi. Salozetsa. Amangopukuta, akufunsa mafunso. Koma ine ndinaiwombapo, anti, silimba n'komwe, imalira usanaganize. Ndikakhalapo amasiya msanga. N'chifukwa chake sindingapite. Ndikuopa kuti tsiku lina adzaitulutsa ine kulibe."