Amuna Anga ndi Lamba wa a Namondwe

Anthu akandifunsa kuti amuna anga amagwira ntchito yanji, ndimayankha kuti ndi kochi wothandizira wa timu ya basiketibolo kukoleji. Akafunsanso kuti kuthandizirako n'kutani, ndimasintha nkhani. Ndinganene bwanji pagulu kuti bambo a ana anga, munthu wa ndevu zake, ntchito yake yeniyeni inali kugwira mwamuna mnzake lamba?

Komatu si bodza. Kochi wamkulu, amene aliyense ankangowatchula kuti a Namondwe, anali munthu wa mtima wapachala. Woyimbira akangoliza wezulo yosawakomera, iwo dzambatu, ulendo wa m'bwalo, malovu akuuluka. Mpira umenewu sulola zimenezo. Kochi akalalatira woyimbira, timu imalangidwa, akabwereza amatulutsidwa ngati galu wolowa m'tchalitchi. Ndiye amuna anga ankakhala pambali pawo pabenchi, diso limodzi pampira, linalo pa matako a bwana wawo. Matakowo akangonyamuka, dzanja lili kale palamba, n'kuwakokera pansi. Zimene a Namondwe ankakalipa pa nthawi ngati imeneyo amuna anga anasiya kalekale kuzimvera. Ankati ukamamvera, dzanja limafooka.

Anayamba ntchitoyi mwana wathu woyamba akukwawa, pano mwanayo akumeta ndevu. Nthawi yonseyi a Namondwe sanatulutsidwepo m'bwalo, mpaka kanyuzipepala ka pakoleji kanawatamanda kuti ndi munthu wodziletsa. Wodziletsa! Ine ndine telala, mathalauza awo ankabwera pamakina anga timalupu ta lamba titathothoka. Amene ankawaletsa ndimagona naye nyumba imodzi.

Musaganize kuti amuna angawo sankachita zina. Anyamata ataliatali amene anabweretsa zikho pakoleji paja, anawatola ndi iwo. Wina anam'peza pasiteji akumanga katundu padenga la minibasi osaponda pa chilichonse, anam'tsatira mpaka kwa makolo ake. Wina ankati akaponya mpira, owonerera akubisa mitu, koma anakhala naye m'bwalo masana aliwonse mpaka dzanja linawongoka. Kupopa mipira, kuchapa mayunifomu oti ntchentche ikatera imakomoka, kutonthoza amene chibwenzi cham'kana, zonsezo zinali zawo. Koma pitani mukaone zithunzi zimene anapachika m'khonde la ofesi. Pakati pali a Namondwe atanyamula chikho, anyamata mano panja, ndipo kumapeto kwenikweni kukuoneka khutu limodzi. Khutu limenelo ndi la amuna anga.

Kenaka dokotala anawauza a Namondwe kuti magazi awo akuthamanga kuposa anyamata awo, apume. Mkulu wa koleji, mayi wa magalasi wolankhula ngati akuwerenga, anaitana amuna anga. Anati pali mtsikana wina wa mapepala ake amene akufunanso mpandowo, koma iwo awapatsa mwayi woyamba. Loweruka atsogolere timu pa masewero ndi koleji yoyandikana nayo, mkuluyo adzaonerera, zikayenda bwino ofesi ndi yawo.

Ine tulo tinatha. Ndinkafuna, ndipo sindibisa, kuti dzina lawo lilembedwe pachitseko chija asanakalambe. Ndinawasokera jekete yatsopano ya matumba akuya dala.

"Bambo, Loweruka manja anu akhale m'matumba umu," ndinatero ndikuwayesa. "Mwagwira malamba a eni mokwanira."

"Ndigwira wa ndani, mayi? A Namondwe adzakhala kunyumba, amwa mankhwala."

Kunyumba kwake kuti! Titafika muholo tinawapeza atakhala kale pamzere woyamba, kumbuyo kwenikweni kwa benchi, atavala thalauza imene ndinaikonza ndekha. Ndinakhala pambali pawo.

Koma abale, tsiku limenelo ndinaona mwamuna amene ndinakwatiwa naye. Ankayenda m'mbali mwa bwalo mapewa ali tasa, akakweza chala anyamata akusintha malo, akatchula dzina mnyamata akuuluka. Anatulutsa wina amene ankadzimva, n'kulowetsa kamnyamata kowonda kamene a Namondwe ankakaiwala pabenchi, ndipo kanaponya mipira yolowa yokhayokha. Mkulu wa koleji anavula magalasi n'kuwapukuta. Ndinanyada mpaka ndinauza mayi wina wosam'dziwa kuti awo a jekete ndi amuna anga.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, adani anagoletsa n'kutipitirira ndi chigoli chimodzi. Anyamata athu anali atatopa, malilime panja, onse akuyang'ana kubenchi. Apa ngakhale ine telala ndimadziwa chochita. Kochi amathamangira kuthebulo la olemba zigoli kukapempha taimauti, masewero aime kaye, awauze anyamata mmene aponyere mpira womaliza. Amuna anga anadziwa, ndipo anali atatembenuka kale kuloza kuthebuloko.

Basi a Namondwe dzambatu! Analumpha kachitsulo kotchinga ngati si munthu wodwala, n'kudutsa patsogolo pa amuna anga, manja m'mwamba, akukuwa.

Ndinaliona dzanja lija likutuluka m'thumba. Ndinakuwa kuti "Bambo, ayi!" koma muholo monse munali phokoso. Lamba anagwidwa. A Namondwe akukokera kutsogolo, amuna anga akukokera kumbuyo, mapazi atawakhomerera pansi monga mwa zaka zonse. Anyamata, amene ankadikira malangizo, anangoona madala awiri akuvina. Woyimbira anapereka mpira, mnyamata wina anauponya chiponyeponye kuchokera kutali, ndipo unakagwa pamiyendo pa mkulu wa koleji. Belu linalira.

Mayi wa magalasi uja sanakalipe. Anabwera, mpira uli kukhwapa, n'kuwagwira chanza amuna anga.

"Ndadzionera ndekha lero," anatero. "Wothandizira ngati inu sapezeka. Kochi watsopano adzakhala ndi mwayi."

Mawa lake masana, ife tili duu pabalaza ngati pamaliro, a Namondwe anatulukira, thalauza yothothoka malupu ili m'jumbo. Asanakhale n'komwe anayamba.

"Iwe, mutu wako umagwira? Unandigwiriranji?"

"Ndimati mukupita kwa woyimbira, akulu," anayankha amuna anga. "Ndimaopa kuti atilanga, mwinanso mungagwe ndi magazi aja."

"Woyimbira anandilakwira chiyani? Mwana uja anayimba bwino tsiku lonse! Ine ndimabwera kudzakuuza kuti upemphe taimauti!"

"Ndinali ndikupita kale, akulu."

A Namondwe anakhala pampando pang'onopang'ono, jumbo ili pamiyendo. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, ndinawamva akulankhula motsitsa.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikunyamuka chifukwa cha mkwiyo wanga," anatero. "Dzulo kanali koyamba kunyamuka chifukwa cha iwe."

Amuna anga anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, a Namondwe nawonso anayamba, madala awiri akumenyana pamaondo ngati apambana chikho. Ine sindinaseke. Ndinawauza a Namondwe kuti makina anga afa, akasoketse kwina, ndipo tiyi sindinawapatse.

Mtsikana wa mapepala uja anayamba ntchito, dzina lake analilemba pachitseko. Ndinapita tsiku lina kukamuona, ndikufunitsitsa kuti ndim'peze chifukwa. Ndinabwerako chimanjamanja. Mwana wa eni ndi waulemu, amawatchula amuna anga kuti bambo, mpira amaudziwa. Amakhala pabenchi atapingasa miyendo, woyimbira akalakwitsa amangogwedeza mutu n'kumwa madzi. Masewero onse sananyamuke ndi kamodzi komwe. Amuna anga anakhala pambali pake, manja ali pamaondo, akuwatembenuza uku ndi uku ngati awabwereka.

Tikubwerera kunyumba ndinawafunsa kuti akugwirizana naye bwanji bwana watsopanoyo. Ndinkayembekeza kuti adandaule, kuti tim'jedere limodzi njira ifupike.

"Ndi munthu wabwino kwambiri, mayi," anatero, maso ali kumsewu. "Sindikudziwa kuti ndimapitirako chiyani."