Nthenga pa Chingwe cha Kalomwe

Tsiku limenelo pachipata cha m'malire pa Kalomwe anali atamanga chingwe, kuti aliyense wopita ku Dedza adutse yekhayekha, katundu atamasula. A Arcanjo a ku Lifidzi anaima pamzere, thumba atalikumbatira ngati mwana wodwala.

M'thumbamo munali nkhope ya gule. Malume awo anali atamwalira kutsidya, ndipo asanatsirizike ananena kuti pamaliro pawo padzavine nkhope imeneyi, yomwe anaisema okha pa unyamata wawo. Zoterezi zimadutsa njira za m'minda, koma sabata imeneyo asilikali anali mbwee m'tinjira tonse.

Tsono gwarda wofufuza katundu anali mkazi, wochokera kumunsi ku Tete. Kutsogolo ndi kumbuyo kunali amayi ogulitsa kachewere okhaokha. Nkhopeyo kungoonekera pamaso pa akazi, kudambwe akayankha chiyani?

A Arcanjo anayamba kupatuka. "Tsogolani, mayi. Inunso tsogolani."

"Kodi abambo, muli paulendo kapena mwalembedwa yolondera chingwe?" anafunsa a Olinda, mayi wachikulire wosenza dengu.

Gwarda uja anali atawaona kale.

"Inu opatukapatuka, bwerani. Masulani."

"Muli za maliro, mayi."

"Aliyense lero akuti za maliro. Masulani."

"Mnzanu wamwamuna palibe?"

"Ali ku magalimoto. Manja angawa ali ndi mphere?"

A Arcanjo anayamba kumasula. Mfundo itangomasuka, nthenga ya nkhanga inasuzumira pakamwa pa thumba. A Olinda ataiona anatula dengu, natembenuka, nadzifunda chitenje kumutu. Wotsatira anachitanso chimodzimodzi. Posakhalitsa mzere wonse unali utaloza kumbuyo ku Ulongwe, phokoso lonse zii.

Gwarda anayang'ana misana ija, nayang'ana thumba. Dzanja lake linapita pa wailesi ya m'chiuno.

"Mayi," anatero a Olinda osacheuka, "ntchito yanu gwirani. Koma pisani dzanja lokha, maso akhale kuphiri."

Gwarda anaisiya wailesi ija. Kenaka anapotoza khosi, napisa dzanja. Linayenda pamtengo, pansanza, panthenga, pang'onopang'ono, mpaka pansi penipeni.

"Mangani. Pitani."

Mfundo inawakanika a Arcanjo, mpaka anachita kukokera ndi mano. Kenaka anawoloka. Nkhope sinaonekere, inde, ndipo mawa idzavina. Koma za dzanja la mkazi lija anayenda nazo njira yonse, osadziwa ngati akazinene kudambwe kapena ayi.